Makobiri akale a ku England asatipengetse kuno ku Angónia

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za ndalama zakale, nkhani yomwe yavuta kuno kwathu kuyambira pa Vila Ulongwe mpaka ku Domwe ndi kwa anzathu a ku Tsangano, ndipo ndikumva kuti tsidya linalo ku Dedza ndi ku Ntcheu yafikanso. Anyamata akungotumizirana zithunzi pa WhatsApp zoti kakobiri kakutikakuti kagulidwa mamiliyoni pa okushoni ya pa intaneti ku England, nde aliyense ali kalikiliki kuvundukula masutukesi a agogo, ena afika pokumba m'mabwinja a makantina akale. Ine ndili ndi kabanka kokonza mafoni ndi kupanga fotokope, ndiye munthu akangotola kachitsulo kozungulira kakuda amathamangira kwa ine kuti ndimujambulire ndikamuikire pa intaneti. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi, bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere.

Zomwe ndikulembazi si za m'maluwa ayi. Ndili ndi msuweni wanga ku England komweko, amagwira ntchito yosamalira okalamba koma kageni kake kapambali ndi komweka, amagula tizitsuloti m'misika ya zinthu zakale n'kumagulitsanso pa eBay, tsamba la okushoni pa intaneti. Tikamacheza pa vidiyo amandionetsa, nthawi zina okushoni ikamatha timaonera limodzi, iye uko ine kuno mamega akungopita.

Choyamba tidziwe kuti tizitsulo tomwe azungu akulimbirana, tomwe eni ake amati ma token, si ndalama za boma. Tidapangitsidwa ndi anthu wamba a geni, eni masitolo, eni mabala, ophika buledi, ogulitsa makandulo ndi fodya, ndipo chifukwa chake chidali chimodzi basi, kusowa kwa chenji. Vuto limeneli ife sitichita kuuzidwa, ukagula sopo troko ya 2 meticais ikasowa amakupatsa switi kapena machesi, apo ayi amati ndalemba m'kope mudzatenge mawa. Ku England zaka za m'ma 1600 kudali komweku. Ndalama za mfumu zidali za siliva ndi golide, munthu wofuna kugula kabuledi kamodzi kapena kapu ya mowa adalibe kandalama koyenera, nde dziko litasokonekera ndi nkhondo yapachiweniweni mfumu Charles I n'kuphedwa mu 1649, padalibenso wowaletsa. Kuyambira cha mu 1648 mpaka 1672 wa sitolo aliyense wokhala ndi kangachepe ankapita kwa amisiri kukasulitsa timakobiri take ta mkuwa, tina ta kota ya peni tina ta hafu peni, n'kulembapo dzina lake, tauni yake, kawirikawiri chaka, ndi chizindikiro cha malonda ake. Ukalandira kameneko ngati chenji umadziwa kuti ukabwerera nako kwa mwini wake akalandira, ndipo oyandikana naye omwe ankamukhulupirira ankalandiranso. Makhonsolo a matauni ena nawonso adapangitsa awo.

Kamodzi komwe msuweni wangayo adandionetsa pafupi kadali kochepa kuposa kobiri yathu ya 1 metical, kopyapyala, kakuda bii, zilembo zina zitafufutika moti ankachita kukapendeketsa pa getsi kuti ndiwerenge. Pakati pake padali zilembo zitatu, chimodzi pamwamba ziwiri pansi, ndipo adandiuza kuti chapamwambacho ndi cha dzina la banja, ziwiri zapansizo china cha bambo china cha mkazi wake. Ine zimenezo zidandisangalatsa kwabasi, mayi wa m'ma 1660 chilembo chake chili pa ndalama mpaka lero, pomwe kuno amayi amene amagulitsa pa banka tsiku lonse dzina lawo silipezeka ngakhale pa chikwangwani. Tina tidasulidwa ngati mtima, tina ta ngodya zinayi, kungofuna kusiyana ndi anzawo. Mu 1672 mfumu Charles II adatulutsa makobiri a mkuwa a boma n'kuletsa anthu wamba kupanga awo, geni ija n'kuthera pomwepo.

Koma idabukanso patapita zaka zoposa 100. Boma lidasiya kusula makobiri a mkuwa mu 1775 pomwe mafakitale ndi migodi zidali zikuchuluka, mabwana n'kumasowa timakobiri tolipirira antchito kumapeto kwa sabata, ndipo ambiri mwa makobiri omwe ankayenda adali achinyengo. Mu 1787 kampani ya mgodi wa mkuwa ya Parys ku chilumba cha Anglesey, uko ndi ku Wales, idayamba kusula mapeni ake, chaka chomwecho mkulu wina wosula zitsulo dzina lake John Wilkinson adapangitsa ake n'kuikapo nkhope yake yomwe ngati ndi mfumu, kudzimva kwake. Matauni ndi masitolo adatsatira, a ku Coventry adaikapo mayi wokwera hatchi mbali ina njovu mbali inayo. Amenewa ndi aakulu, okongola, ndipo m'mphepete mwake amalembamo malo omwe ungakasinthire. Boma lidadzidzimuka mu 1797, lidapatsa ntchito Matthew Boulton wa ku Birmingham kuti asule mapeni aakulu olemera ndi makina ake a nthunzi. Ma token adabweranso cha mu 1811 nthawi ya nkhondo ndi France, mpaka nyumba ya malamulo idawaletsa mu 1817.

Pa onsewo ine kamene ndingagule nditakhala nazo ndi ka zaka za m'ma 1790 komwe kali ndi chithunzi cha munthu wakuda atagwada, unyolo m'manja, mawu ake akufunsa kuti kodi iye si munthu ndiponso m'bale. Adapangitsa ndi anthu omwe ankalimbana ndi malonda a akapolo. Ife a m'chigwa cha Zambezi, komwe anthu athu ankatsitsidwa kupita ku Quelimane, kameneko kakutikhudza kuposa ka wogulitsa makandulo wa ku Norwich.

Tsopano apa ndi pomwe anyamata athu sakumvetsa. Tizitsuloti tikuyenda malonda osati chifukwa chongokhala takale, koma chifukwa tili ndi mwini, tili ndi kwawo, ndipo anthu adakhala pansi n'kutilemba m'mabuku kamodzikamodzi. James Conder, wogulitsa nsalu wa ku Ipswich, adatulutsa mndandanda wake mu 1798 ndipo mpaka lero ma token a nthawi imeneyo amatchulidwa ndi dzina lake. George Williamson adatulutsa buku la aja a m'ma 1600 pakati pa 1889 ndi 1891, muli mitundu yoposa 12,000, boma ndi boma, tauni ndi tauni. Dalton ndi Hamer adachita chimodzimodzi ndi a m'ma 1700, kuyambira 1910 mpaka 1918. Ndiye msuweni wanga akafuna kugulitsa samangojambula n'kuponya, amajambula kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, amayeza pa kasikelo ka magalamu, amayezanso kukula kwake, kenako amatsegula buku kusaka nambala yake, chifukwa ogula enieni amasaka ndi nambalayo kapena ndi dzina la tauni, ndipo kopanda nambala sakayang'ana kawiri. Kakakhala ndi kachilema, kaya kupindika kaya kudyeka, amanena yekha, pakuti akabisa wogula amakabweza n'kumulembera mbiri yoipa pa akaunti, ndipo kumeneko akaunti ikada basi geni yagwa.

Okushoni yakeyo imayenda chonchi. Amaika mtengo woyambira wotsika, mwina paundi imodzi, n'kuipatsa masiku 7. Masiku oyamba onse kuli zii, mwina mmodzi waponya kangachepe, iwe n'kumaganiza kuti zavuta. Zonse zimachitika m'masekondi omaliza, aliyense amabisala kuti mnzake asapeze mpata womupitirira, nde umangoona nambala ikudumpha kawiri katatu kenako yatsekedwa. Kakang'ono kakuda kaja adalimbirana anthu awiri, mmodzi pambuyo pake adalemba kuti ndi wa m'tauni yomweyo ndipo msewu womwe padali sitoloyo ulipobe, ndi chifukwa chake sadafune kugonja. Koma ndi kulimbirana konseko kadathera pa mapaundi osakwana 50, ndipo msuweni wanga adati limenelo ndi tsiku labwino. Ambiri omwe ndawaona amathera pa mapaundi 10, 20, 30, ena satha n'komwe amachita kuwaikanso. Muwerengere nokha paundi ili cha m'ma 80 meticais, muchotsepo ndalama yomwe iye adagulira, ya positi, ndi zina zomwe amadula. Ndi geni yopezerapo ya ndiwo, mwini wakeyo ntchito ya okalamba sadasiye.

Alipo odula, sindikukana. Osowa kwambiri, kapena omwe adasungidwa bwino osayendapo m'manja, amafika mapaundi mazanamazana ena mpaka masauzande, koma amenewo kawirikawiri amapita ku makampani a okushoni a ku London monga Noonans ndi Spink, komwe akatswiri amawaunika kaye n'kulemba kuti kadachokera m'manja mwa ndani, ndipo wogula amawonjezera ndalama yoposa 20 pa 100 iliyonse pamwamba pa mtengo womwe wapambanira. Si zoti wangotola lero mawa wagula Hilux.

Nanga zithunzi za mamiliyoni zomwe zikuzungulirazo? Pa eBay munthu aliyense akhoza kulemba mtengo uliwonse womwe wafuna, ine nditha kuika chitsekerero cha botolo n'kulemba 1 miliyoni, palibe andimange, koma sindiye kuti chagulidwa. Pali kabatani koonetsa zinthu zokhazo zomwe zidagulidwadi ndi mtengo wake, mukadina pamenepo mamiliyoni onse aja amasungunuka. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Komanso tinene zoona, kakobiri ka wa sitolo wa ku England wa mu 1666 kangafike bwanji m'sutukesi ya agogo ku Domwe? Tambiri timapezeka konko, m'minda mwawo ndi makina osakira zitsulo, kapena m'matope a mtsinje wa Thames madzi akaphwera, ndipo ngakhale kutola m'matopemo amafuna chilolezo. Zomwe anthu amabweretsa kwa ine ndi zina, ma escudo ndi ma centavo a nthawi ya Apwitikizi, mapeni obowoka pakati okhala ndi njovu a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, matiki, masheleni a Malawi a mu 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu, ndi meticais zakale zomwe zidasiya kugwira ntchito ziro zitatu zitachotsedwa mu 2006. Zimenezi zidasulidwa zambirimbiri ndipo ogulitsa ku Ulaya ali nazo zodzaza mabokosi, mtengo wake ndi wochepa zedi. Zomwe ndingati musataye mwachibwana ndi ma 10 ndi ma 20 escudos a zaka za m'ma 1950, amenewo ali ndi siliva, wina asakupusitseni ndi ndalama ya botolo limodzi la mowa.

Tiyerekeze mwapezadi kabwino. Mutumiza bwanji? Kampani ya positi ya Correios boma lidaithetsa mu 2021, zatsala ndi kampani zonyamula katundu mwachangu, ndekuti mukwere chapa mpaka mumzinda wa Tete, mulipire ndalama yotumizira yomwe ingapose mtengo wa kakobiriko. Kulandira ndalama nako kumafuna akaunti ya ku banki yomwe a eBay akuivomereza, M-Pesa ndi e-Mola zomwe tazolowera kuno sizilowa pamenepo. Ndipo wogula wa ku England akaona akaunti yatsopano yopanda mbiri, ya kudziko lomwe sakulidziwa, amangodutsa.

Pa mpata umenewu ndi pomwe akamberembere alowerapo, ndipo ichi ndi chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni. Ena ali pa Facebook, mukawatumizira chithunzi amayankha msangamsanga kuti bwana muli ndi chuma, kameneka ndi madola 50,000, kungoti mutumize kaye ya satifiketi, mukatumiza akuti ya kasitomu, mukatumiza akuti ya loya, mapeto ake nambala sikupezekanso. Bambo wina wachikulire adabwera kwa ine atagulitsa kale mbuzi ndi matumba a mbatata ya kachewere kulipira zimenezo, ndipo kakobiri kake kadali peni yobowoka wamba, ndidasowa poyambira kumuuza. Kampani yeniyeni ya okushoni imadula gawo lake katundu akagulidwa, ameneyo wofuna ndalama musanaone kalikonse ndi wakuba basi. Ena ndi oyenda m'midzi pa njinga zamoto, amafunsa marupiya a Jeremani, simbi zakale za makala ndi mapulaimasi, ati zili ndi mankhwala m'kati, ati zimakoka singano, n'kumatola zinthu za makolo pa mtengo wa mchere. Pa okushoni zonse zomwe ndaonera palibe ndi mmodzi yemwe adafunsapo ngati kakobiri kamakoka singano, amafunsa chaka, tauni, nambala, ndi mmene kalili.

China, chonde lekani kukwecha. Anthu amabwera atatsuka ndi phulusa, mchenga, mandimu, ena kuviika mu koka usiku wonse kuti kawale, poganiza kuti kowala ndiye kodula. Osonkhanitsa amafuna kudera kwake komwe kuja, kokwechedwa amakazindikira pa chithunzi pomwe ndipo mtengo umagweratu. Kuboola kuti muvale m'khosi ndi chimodzimodzi.

Koma chimene chimandiwawa mtima ine si kuchepa kwa mitengo. Ndi choti azungu aja wa sitolo wawo wa zaka 350 zapitazo akumudziwa dzina, mkazi wake, msewu wake, ndipo zomwe anthu akutola m'minda lero amakazilembetsa, nyumba yosungira zinthu zakale ya British Museum ikuyendetsa ndondomeko yolemba zotolatolazo ndipo aliyense akhoza kuziona pa intaneti. Ife agogo athu adayenda wapansi kupita ku mafamu a ku Halale, ku migodi ya malasha ku Wankie, ena ku Joni, adabwerako ndi tizitsulo ta nambala tomwe ankavala pa ntchito, matikiti odinda masiku, mapepala a msonkho, ena amasimba za sitolo ya pa famu pomwe malipiro onse ankathera osagwira ndalama m'manja. Ku England nako zimenezo zidaliko, mabwana ena ankalipira antchito ndi ma token oti akagulire m'sitolo ya bwana yemweyo pa mitengo yokwera, mpaka lamulo la mu 1831 lidaletsa, nde tisaganize kuti tizitsulo tonse tokongolato tili ndi mbiri yokoma. Kusiyana kwake n'koti zawozo zidalembedwa, zathu zili m'mutu mwa nkhalamba zomwe zikutha, ndipo kachitsulo ka nambala kakangochoka m'nyumba kupita ndi wa njinga yamoto, palibenso adzadziwe kuti kadali ka ndani, famu yanji, chaka chanji. Ine anthu oterewa ndimawauza kuti bwererani kwa agogo ndi kope ndi cholembera akuuzeni, mulembe, muike pamodzi ndi kachitsuloko mu kapulasitiki. Ena amandiona ngati ndikuwapsinja kuti ndidzagule ine motchipa, kaya zawo izo.

Tisaiwalenso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu za chikhalidwe ndi mbiri, Lei 10/88 ya mu December 1988, ndipo zinthu zakale zofukulidwa pansi si zongotenga n'kudutsa nazo pa malire a Calómuè kapena a Zóbuè mmene wafunira. Ku Maputo kuli nyumba yosungira ndalama zakale, Museu Nacional da Moeda, mu nyumba ija amati Casa Amarela, koma kuchokera kuno ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500, mlimi wa ku Tsangano sadzapondako.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mutipatseko kakona kakang'ono mu nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pa mwezi, owerenga azitumiza chithunzi cha kachitsulo kapena tikiti yomwe ali nayo pamodzi ndi zomwe agogo anena, dzina la famu kapena mgodi ndi chaka ngati akukumbukira, tsidya lino ndi tsidya ilo chifukwa mabanja ake ndi amodzimodzi. Ndipo a zachikhalidwe ku chigawo chathu cha Tete abwere pa wailesi za m'madera atifotokozere lamulo lija m'Chichewa, chifukwa lidalembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, komanso aziyankhula madzulo anthu ataweruka ku munda osati 10 koloko m'mawa.

Ndine wowerenga wanu,
Vila Ulongwe, Angónia